Zimene Mabuku Okumbukira Henry Lawson Amanena, ndi Zimene Amasiya

Pa 4 Sepitembala 1922 mzinda wa Sydney, ku Australia, unaika maliro a munthu amene zaka zochepa m'mbuyomo anthu ankamulambalala mumsewu poopa kuti awapempha ndalama. Munthuyo anali Henry Lawson, mlakatuli komanso mlembi wa nkhani zifupizifupi. Boma linatenga malirowo kukhala ake, ulemu umene unali usanaperekedwepo kwa mlembi wina aliyense m'dzikolo. Mwambo unachitikira m'tchalitchi chachikulu cha St Andrew's, nduna yaikulu ya dziko, Billy Hughes, inalipo, ndipo chinamtindi cha anthu chinaima m'mbali mwa misewu pamene bokosi linkapita kumanda a Waverley, amene ali pamtunda poyang'anizana ndi nyanja.

Kuyambira sabata imeneyo anthu anayamba kulemba zomutamanda: ndakatulo za maliro m'manyuzipepala, timabuku tating'ono, zokamba za pamisonkhano yomukumbukira, kenako mabuku athunthu. Zambiri mwa zinthu zotere zikanatha kalekale, chifukwa ndani amasunga pepala la mwambo wa maliro kwa zaka 100? Koma alipo malo amene ntchito yawo ndi yomweyo. Ku Sydney malowo ndi Mitchell Library, mbali ya laibulale yaikulu ya boma la New South Wales, pamsewu wa Macquarie.

Laibulale imeneyi inayamba ndi munthu mmodzi, David Scott Mitchell, amene anathera moyo wake ndi chuma chake pogula mabuku, mamapu, zithunzi ndi zolembedwa pamanja zokhudza Australia ndi zilumba zoyandikana nayo. Atamwalira mu 1907 anasiyira boma zonsezo pamodzi ndi mapaundi 70,000 oyendetsera ntchito, ndipo laibulaleyo inatsegulidwa mu 1910. Malo otere sayenda ngati laibulale imene tinaizolowera pano pakoleji. Buku silibwerekedwa kupita nalo kuchipinda chogona. Munthu amalifufuza m'kaundula, amalipempha, ndipo amamubweretsera m'chipinda chowerengera chimene chili ndi oyang'anira. Polemba amagwiritsa ntchito pensulo, popeza inki ikadontha papepala sichoka. Buku lakale amaligoneka pakhushoni kuti msana wake usathyoke. Kumene zinthuzi zimasungidwa amayeza kutentha ndi chinyezi, chifukwa pepala la nyuzipepala, lopangidwa kuchokera ku mitengo, limakhala ndi asidi amene amalifiiritsa n'kuliphwanyaphwanya ngati tsamba louma. Aliyense amene anatsegulapo sutikesi ya agogo n'kupeza makalata odyedwa ndi chiswe akudziwa mdani amene anthuwa akulimbana naye.

Tikamati mabuku osowa, sitikutanthauza akale okhaokha. Kabuku ka masamba khumi kamene kagulu ka anthu kanasindikiza makope ochepa n'kugawana pamsonkhano kangakhale kosowa kuposa buku lalikulu la zaka 300 limene linasindikizidwa lambiri. N'chifukwa chake zolemba zokumbukira anthu omwalira zimapezeka kwambiri m'malo otere. Zimapangidwa mwachangu, papepala lotchipa, ndipo cholinga chake chimakhala cha tsiku limodzi.

Ife a Adventist timaphunzitsa kuti imfa ndi tulo, ndipo womwalira samva zimene zikunenedwa pamanda ake. Ngati ndi choncho, mawu onse otamanda Lawson sanali opita kwa Lawson. Anali a anthu amoyo, olembera amoyo anzawo, ndipo aliyense wolemba anali ndi chimene ankafuna kuti chikumbukiridwe ndi chimene ankafuna kuti chiiwalike. Kuti tione zimenezi, tiyenera tidziwe kaye moyo wa munthuyo.

Lawson anabadwa pa 17 Juni 1867 pamalo okumbapo golide ku Grenfell, m'kati mwa New South Wales. Bambo ake, Niels Larsen, anali mmalinyero wochokera ku Norway amene anasiya sitima n'kukayesa mwayi pa golide, ndipo dzina la Lawson linachokera ku Larsen. Mayi ake, Louisa Lawson, pambuyo pake anasamukira ku Sydney n'kuyambitsa magazini ya amayi yotchedwa The Dawn mu 1888, imene inamenyera ufulu wa amayi wovota. Ali ndi zaka 9 Henry anadwala khutu, ndipo pofika zaka 14 anali atagontha kwambiri. Sukulu anaphunzira zaka zochepa chabe. Ife ophunzira uphunzitsi mfundo imeneyi isatidutse: mwana wosamva bwino, wamanyazi, wokhala phee kumbuyo kwa kalasi, ndi amene anadzakhala mlembi wowerengedwa m'masukulu a dziko lonse.

Ndakatulo yake yoyamba inatuluka mu 1887 m'magazini ya The Bulletin. Mu 1892 mkonzi wa magaziniyo, J. F. Archibald, anamupatsa mapaundi asanu ndi tikiti ya sitima yapamtunda yopita ku Bourke, tauni yakutali kumpoto chakumadzulo, nthawi ya chilala. Kumeneko anagwira ganyu pamalo ometera nkhosa, ndipo anayenda pansi mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kukafika ku Hungerford, pamalire ndi Queensland, n'kubwereranso. Olemba ena a nthawiyo, makamaka Banjo Paterson, ankajambula moyo wa kutchire ngati wokoma, wa akavalo ndi nyimbo. Lawson anauona ngati wa fumbi, ludzu, kusungulumwa ndi amayi otsala okha ndi ana amuna awo atapita kukasaka ntchito. Nkhani yake yodziwika koposa, The Drover's Wife ya 1892, ndi ya mayi wotere, amene akuchezera usiku wonse kudikirira njoka imene yalowa pansi pa nyumba. Mu 1896 anatulutsa buku la nkhani lotchedwa While the Billy Boils ndipo anakwatira Bertha Bredt.

Mowa unali utayamba kale kumudya. Kumapeto kwa 1898 analowa yekha m'nyumba yothandiza zidakwa, ndipo m'zaka zimene zinatsatira ndi m'mene analemba nkhani za Joe Wilson, zimene akatswiri ambiri amati ndiye nsonga ya luso lake. Mu 1900 anapita ku London ndi banja lake, ndipo mwa amene anamuthandiza ndalama za ulendowo munali bwanamkubwa Earl Beauchamp ndi David Scott Mitchell yemwe uja. Anabwerako mu 1902 zinthu zitasokonekera. Banja linatha mu 1903. Zaka zotsatira analowa ndi kutuluka m'ndende ya Darlinghurst chifukwa cha kuledzera ndi kulephera kupereka ndalama zosamalira mkazi ndi ana ake awiri, anagonekedwapo m'chipatala cha odwala maganizo, ndipo ankaoneka akupemphetsa ku Circular Quay, pamene pamakocheza mabwato a mumzindawo. Mu 1920 boma linayamba kumupatsa paundi imodzi pa sabata kuchokera m'thumba lothandiza olemba. Anamwalira pa 2 Sepitembala 1922 ku Abbotsford, m'mbali mwa Sydney, mtsempha wa mu ubongo utaphulika. Anali ndi zaka 55.

Chinthu choyamba chomukumbukira chinapangidwa asanaikidwe n'komwe. Wosema zifanizo wina, Nelson Illingworth, anadinda nkhope ya malemuyo ndi pulasitala, monga ankachitira azungu kwa anthu otchuka masiku amenewo, ndipo chigoba chimenecho chili ku Mitchell Library. Kwa ife mwambowu ndi wachilendo, mwinanso wochititsa nthumanzi, koma mwa zonse zomukumbukira ichi chokha ndi chimene sichinakometse kanthu. Zotsatira zake zonse zinadutsa m'maganizo a munthu wosankha.

Mu 1923 ku Footscray, mumzinda wa Melbourne, kunayamba bungwe la Henry Lawson Memorial and Literary Society. Mu 1931 ku Domain, bwalo la udzu la mu Sydney lomwe lili pafupi ndi laibulale ija, anavundukula chipilala chake chosemedwa ndi George Lambert. Chipilalacho chikuonetsa Lawson ataima, pambali pake pali galu ndi munthu wakhala pansi, mmodzi wa amuna aja ankayenda tchire lonse kufunafuna ganyu atabereka bulangete. Apa pali posankha poonekeratu. Moyo wake wonse wauchikulire Lawson anathera kwambiri m'tauni, m'zipinda za lendi za mu Sydney, ndipo ulendo wa ku Bourke unali wa miyezi yowerengeka. Koma dziko limene linali litangokhala limodzi mu 1901 linkafuna mlakatuli wa kutchire, munthu woimira chimene anthu a ku Australia ankakonda kudzitcha: olimba, osaopa bwana, okhulupirika kwa anzawo. Wosemayo anawapatsa munthu ameneyo.

Chaka chomwecho kunatuluka buku lotchedwa Henry Lawson by His Mates, kutanthauza Lawson monga anamudziwira anzake. Analikonza mwana wake wamkazi, amenenso dzina lake linali Bertha, pamodzi ndi John Le Gay Brereton, mnzake wakalekale amene anakhalapo woyang'anira laibulale ya yunivesite ya Sydney asanakhale pulofesa wa Chingerezi. Mutu wa bukulo ukunena kale amene apatsidwa mpata wolankhula. Liwu lakuti mate ku Australia ndi lolemera kuposa mnzako wamba: ndi uja mumayenda naye ulendo wautali, mumagawana naye ufa ndi fodya, amene simungamusiye panjira. Lawson mwini ndi amene analikuza liwuli m'nkhani zake. Choncho anzakewo pomulemba ankabweza ngongole, ndipo munthu wobweza ngongole ya chikondi sawerenga zolakwa zonse. Sitikunena kuti ananama. Amene anamvapo mbiri ya malemu ikuwerengedwa pamaliro a kwathu kuno akudziwa mmene zimakhalira: zonenedwazo zimakhala zoona, koma onse okhala pamphasa amadziwanso zimene zadumphidwa, ndipo palibe amene amaimirira kuti awonjezere. Vuto limabwera patapita zaka 50, odziwa aja atatha, pepala lokha litatsala.

Apa ndi pamene laibulale yosunga zinthu zosowa imasiyana ndi chipilala. Chipilala chimanena chinthu chimodzi. Laibulale imasunga chitamandocho pamodzi ndi mapepala ena amene sanalembedwe kuti anthu adzawaone. Ku Mitchell Library kuli mapepala a kampani ya Angus & Robertson, imene inasindikiza mabuku ambiri a Lawson, ndipo m'menemo muli zolemba zake za pamanja ndi makalata ake opita kwa George Robertson, mmodzi wa eni kampaniyo. Makalata a Lawson anasonkhanitsidwa ndi Colin Roderick n'kusindikizidwa mu 1970, ndipo ambiri a zaka zake zomaliza ndi a munthu wosowa, wopempha kandalama, wodandaula, wokwiya lero n'kupepesa mawa. Anali ndi chizolowezi chogulitsiratu umwini wa zolemba zake kuti apeze ndalama ya lero, motero mabuku ankagulidwabe iye alibe kanthu. Wowerenga akaika kalata yotere pambali pa ndakatulo ya maliro yomutcha mawu a dziko lonse, funso limabwera lokha: anthu onse anadzaza misewu aja anali kuti mu 1910?

Funsoli ndi lokoma kufunsa, koma tisafulumire kuweruza, chifukwa mapepala omwewo akuonetsa kuti ena anayesa. Robertson anamupatsa ndalama kambirimbiri. Anzake ankasonkha kuti amutulutse m'ndende. Mu 1916 anamupezera ntchito ya boma ku Leeton, dera la ulimi wothirira wa mtsinje wa Murrumbidgee, kumene kugulitsa mowa kunali koletsedwa, poganiza kuti akakhala kutali ndi mabala achira. Anakhalako mpaka 1917 n'kubwerera ku Sydney. Kuthandiza chidakwa si kumupatsa ndalama kokha, ndipo mabanja ambiri a mumpingo mwathu akudziwa kutopa kwake. Ife tikuona kuti nkhani yakuti dziko linamutaya n'kudzamulira atafa ndi yoona pang'ono, koma nayonso ndi yosalala kwambiri, monga momwe chitamando chija chilili chosalala.

Munthu amene anasenza katundu wolemera koposa alibe chipilala ku Domain. Awa ndi Mayi Isabel Byers, amene ankayendetsa nyumba ya alendo yosagulitsa mowa ku North Sydney, kumene Lawson anapeza chipinda banja lake litatha. Anali aakulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 20. Kwa zaka pafupifupi 20 anamusunga, kumudyetsa, kumulankhulira kwa osindikiza mabuku, kumupemphera thandizo kwa anzake, ndipo anapita naye ku Leeton. Lawson anamwalirira m'nyumba mwawo.

Nkhani ya mkazi wake ndiyo imaphunzitsa bwino kuwerenga. Mu 1903 Bertha Lawson analumbira kukhoti kuti mwamuna wake anali chidakwa ndiponso ankamuchitira nkhanza, ndipo chikalatacho chinatsala m'mafayilo a khoti. Mu 1943 Bertha yemweyo anatulutsa buku lotchedwa My Henry Lawson, lolembedwa ndi mtima wofewa kwambiri. Munthu ndi mmodzi, koma pakati pa mapepala awiriwa pali zaka 40. Loyamba linalembedwa ndi mayi wa ana awiri aang'ono amene ankafuna chitetezo ndi chakudya. Lachiwiri linalembedwa ndi mayi wachikulire, mwamuna wake atasanduka chuma cha dziko, ndipo anthu okonda mlakatuliyo anali atamuimba mlandu kwa zaka zambiri kuti ndiye anamutsekeretsa m'ndende. Wophunzira amene angawerenge limodzi lokha angatuluke ndi chithunzi cholakwika, ngakhale asankhe liti. Mu 2017 Kerrie Davies analemba buku lotchedwa A Wife's Heart, lobwerera ku makalata ndi mapepala akale kuti nkhaniyi imveke kuchokera kumbali ya Bertha. Ntchito yotere ikanakanika pakanapanda anthu amene anasunga mapepalawo osawasankha.

Palinso mbali ina imene ife a ku Africa sitingaidumphe. Magazini ya The Bulletin, imene inalera Lawson, kwa zaka zambiri inkanyamula pamutu pake mawu olengeza kuti Australia ndi dziko la azungu, ndipo mawuwo anachotsedwa cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ubale wa anzake uja Lawson ankautamanda unali ndi malire a khungu, ndipo zina mwa zolemba zake zimanyoza Matchaina ndi anthu ena osakhala azungu. Mu 1897 iye anakhalapo mphunzitsi pasukulu ya ana a mtundu wa Maori ku Mangamaunu, m'dziko la New Zealand. Sanakhalitse, ndipo nkhani imene analemba kuchokera kumeneko, A Daughter of Maoriland, ikuonetsa mphunzitsi wokhumudwa amene akuona ophunzira ake ngati osayamika. Mu 1968 katswiri wa ku New Zealand, W. H. Pearson, analemba buku lathunthu lofufuza miyezi imeneyo. Kwa ife amene tidzatumizidwa kukaphunzitsa kumadera a chilankhulo ndi miyambo yosiyana ndi yathu, chaka chimenechi cha moyo wa Lawson n'chofunika kuposa maliro ake: munthu amene ankamvera chisoni osauka a mtundu wake analephera kuona ana amene anali pamaso pake.

Chaka cha 1897 chomwecho n'chodziwika kwa ife pa chifukwa china. Ndi chaka chimene sukulu ya Avondale inatsegulidwa ku Cooranbong, kumpoto kwa Sydney, m'boma lomwelo la New South Wales. Mayi Ellen White anakhala ku Australia kuyambira 1891 mpaka 1900, zaka zomwezo zimene Lawson analemba nkhani zake zabwino koposa, ndipo onse awiri anachoka m'dzikolo mu 1900. Tikamawerenga mbiri ya mpingo ya zaka zimenezo timamva za umphawi, mabanki ogwa mu 1893, anthu osowa ntchito ndi nkhondo yolimbana ndi mowa. Nkhani za Lawson zimationetsa dziko lomwelo kuchokera panja pa tenti ya misonkhano. Ndipo n'zoyenera kuvomereza kuti nafenso timalemba za apainiya athu ndi mtima wa anzake a Lawson aja, mokonda ndi mosankha.

Ngakhale akatswiri sanagwirizane za munthuyu. Mu 1978 wolemba mbiri wotchuka, Manning Clark, anatulutsa buku lotchedwa In Search of Henry Lawson, ndipo Colin Roderick analidzudzula poyera kuti linali ndi zolakwika zambiri. Roderick anadzatulutsa lake mu 1991. Mkangano wotere suthera pa amene ali ndi dzina lalikulu. Wina amayenera kupita m'chipinda chowerengera chija, kupempha bokosi, n'kuona deti lolembedwa pakalata.

M'kalasi la sekondale mphunzitsi angachite zofanana ndi zimenezi popanda kupita ku Sydney. Ophunzira akapatsidwa mbiri ya malemu aliyense wotchuka, angafunsidwe kuti analemba ndani, patapita nthawi yaitali bwanji munthuyo atamwalira, ankalembera yani, ndipo ndani m'moyo wa malemuyo sanatchulidwe. Funso lomalizali ndi limene limavuta kwambiri, chifukwa yankho lake silili papepalapo.

Ulemu wa boma kwa Lawson unapitirira. Mu 1949 nkhope yake inaikidwa pasitampa, ndipo mu 1966, Australia itasiya mapaundi n'kuyamba madola, inaikidwa pandalama yapepala ya madola 10. Munthu uja ankapempha timakobiri ku Circular Quay anayamba kuyenda m'matumba a anthu onse. Mu 1993 ndalamayo inasinthidwa, ndipo panabwera Banjo Paterson ndi Mary Gilmore, mlakatuli wamkazi amene anali bwenzi la Lawson paunyamata. Ku Grenfell amachitabe chikondwerero cha dzina lake m'mwezi wa Juni. Mu 2016 Leah Purcell, mlembi ndi katswiri wa zisudzo wochokera mwa Aaborijini, eni nthaka a dzikolo, anatenga The Drover's Wife n'kuilembanso ngati sewero, kenako filimu mu 2021. M'nkhani ya Lawson Aaborijini amangodutsa m'mphepete. Mwa Purcell iwo ali pakati pa nkhani, ndipo mayi wodikira usiku uja ali ndi magazi awo.